Tulo togwera munthu masana: kodi wodwala narcolepsy akaonane ndi dokotala uti?

Munthu akathyoka mwendo amadziwa kuti akufunika dokotala wa mafupa, ndipo diso likamavuta khomo lake ndi lodziwikanso. Koma munthu amene tulo timamugwira tsiku lililonse dzuwa lili pamutu, m'kalasi, m'tchalitchi, mu minibasi, ngakhale mbamu ya nsima ili m'manja, amasowa kolowera, makamaka ngati nthawi zina akaseka kwambiri mawondo ake amafooka mpaka kugwa pansi. Ena amamuuza kuti ndi khunyu, ena amati magazi achepa, ena amangoti ndi ulesi, ndipo pamakhalanso onong'ona kuti pali dzanja la munthu. Amodzi mwa matenda amene amachititsa zimenezi amatchedwa narcolepsy, ndipo ngakhale m'mayiko amene ali ndi madokotala ochuluka, odwala ambiri amatha zaka 8 mpaka 15 asanauzidwe chimene akudwala. Kuchedwaku kumabwera chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda a m'nthambi zingapo za chipatala, kotero kuti dokotala aliyense amaona kachigawo kamene kakukhudza ntchito yake, pamene chithunzi chonse palibe amene wachiona.

Matendawa ndi otani

Narcolepsy ndi matenda a muubongo, osatherapo, amene amasokoneza malire a pakati pa kugona ndi kukhala maso. Sapatsirana. Kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30, makamaka pa nthawi yotha msinkhu, ndipo kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America amasonyeza kuti amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 2,000 alionse.

Chizindikiro chimene wodwala aliyense amakhala nacho ndi tulo tosaletseka masana, ngakhale atagona maola okwanira usiku. Akagona mphindi 15 kapena 20 amadzuka ali myaa, koma pakapita maola awiri kapena atatu tulo tija timabweranso ndi mphamvu yomweyo. Chizindikiro chachiwiri, chimene chimasiyanitsa kwambiri matendawa ndi ena, ngakhale si odwala onse amene amakhala nacho, ndi chimene madokotala amachitcha cataplexy, ndiko kufooka kwadzidzidzi kwa minofu kumene kumayambitsidwa ndi kutengeka mtima, makamaka kuseka, kudabwa kapena kukondwa, ndipo nthawi zina kupsa mtima. Tiyerekeze mtsikana ali pamjigo, ndowa ili pamutu, mnzake n'kunena nthabwala. Iye akuyamba kuseka, kenaka zikope zikulemera, chibwano chikugwa, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, mawondo akupindika, ndowa ija n'kutayika. Ali pansi akumva zonse zimene anzake akunena, akudziwa amene akumugwira pamutu, koma sangathe kuyankha, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri zisanathe wadzuka, ali bwinobwino, manyazi okha. Kwa ambiri kufookaku sikufika pogwetsa munthu. Kumangokhala mutu kuwerama kapena kapu kupulumuka m'manja.

Pali zizindikiro zina zitatu. Wodwala akamagona kapena akamadzuka amatha kupezeka ali maso koma thupi lonse litauma, osatha kusuntha kapena kukuwa, ngati wina wamukhalira pachifuwa. Pa nthawi yomweyo amatha kuona munthu ataima pakhomo kapena kumva mapazi m'chipinda, zinthu zooneka zenizeni koma palibe. Ndipo chodabwitsa n'chakuti munthu wa tulo tambiri chonchi usiku amagona modukizadukiza. Kuuma thupi podzuka kumachitikiranso anthu ambiri athanzi kamodzikamodzi, choncho pakokha si umboni wa matendawa.

Mmodzi mwa oyamba kulemba za wodwala wotere m'mabuku a zachipatala anali Carl Westphal wa ku Berlin mu 1877, koma dzina linaperekedwa mu 1880 ndi dokotala wa ku France, Jean-Baptiste-Édouard Gélineau. Wodwala wake anali bambo wa zaka 38 wogulitsa migolo ya vinyo ku Paris, amene ankafooka akaona kuti makhadi amene wagwira pamasewera ndi abwino, ndipo tsiku lina anagwa kumalo osungirako nyama akuonerera anyani. Gélineau anaumirira kuti matendawa si khunyu, mfundo imene mpaka lero imafunika kubwerezedwa m'zipatala zambiri.

Chimene chimawonongeka

Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku University of Chicago anapeza kuti tulo tili ndi gawo limene maso amayendayenda mofulumira pansi pa zikope, gawo limene tsopano limatchedwa REM, ndipo maloto omveka bwino amabwera m'gawo limeneli. Pa nthawiyi ubongo umamanga minofu ya thupi monga mmene mbuzi imamangidwira pachikhomo, kuti munthu amene akulota akuthamanga asadzuke n'kuthamangadi. Munthu wathanzi amalowa mu REM patapita pafupifupi mphindi 90 chigonereni, pamene wodwala narcolepsy amatha kulowamo m'mphindi zochepa chabe. Cataplexy, kuuma thupi podzuka ndiponso kuona zinthu zomwe palibe, zonsezi ndi zidutswa za tulo ta maloto zimene zalowerera pa nthawi imene munthu ali maso.

Chifukwa chake chinadziwika mochedwa. Mu 1998 magulu awiri a ofufuza ku America, lina la Luis de Lecea ndi anzake ku La Jolla, lina la Takeshi Sakurai ndi Masashi Yanagisawa ku Dallas, anapeza mankhwala achilengedwe opangidwa ndi kagulu kochepa ka maselo a mkatikati mwa ubongo. Gulu lina linawatcha hypocretin, lina orexin, ndipo mayina onsewa akugwirabe ntchito. Chaka chotsatira Emmanuel Mignot wa ku Stanford, amene ankafufuza agalu obadwa ndi matendawa, agalu oti akaona chakudya chokoma amangoti khwethe pansi, anapeza kuti vuto lawo lili pa njira yomweyi ya orexin. Mu 2000 zinatsimikizika kuti mwa anthu odwala amene ali ndi cataplexy, pafupifupi maselo 90 mwa 100 alionse opanga orexin amakhala atafa.

Orexin tingaiyerekeze ndi mpiringidzo wa chitseko chimene chili pakati pa chipinda cha tulo ndi chipinda cha kukhala maso. Mpiringidzo ukakhalapo, chitseko chimatsekeka masana n'kutseguka usiku. Ukathyoka, chitseko chimangoyendera mphepo, kutseguka ndi kutsekeka nthawi iliyonse, ndiye chifukwa chake wodwala amalephera kukhala maso masana komanso amalephera kugona mosadukiza usiku. Maola onse amene amagona pa tsiku sasiyana kwenikweni ndi a munthu wina aliyense. Chasokonekera ndi kagawidwe kake. Kuyambira 2014 madokotala amagawa matendawa pawiri: mtundu woyamba, wa anthu amene ali ndi cataplexy kapena orexin wochepa kwambiri, ndi mtundu wachiwiri, wa anthu a tulo tomweto koma opanda cataplexy.

Khomo loyamba: chipatala chapafupi

Ulendo umayambira kwa dokotala kapena kiliniko ofesala wa pachipatala chapafupi, ndipo khomo limeneli lisapeputsidwe, chifukwa anthu ambiri oodzera masana sadwala narcolepsy. Woyamba kuganiziridwa ndi munthu wosagona mokwanira: mlonda wa usiku, mayi woyamwitsa, wophunzira wodzuka 3 koloko m'mawa kukawerenga. Kenaka pamabwera kuchepa kwa magazi, matenda a shuga, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, mowa, ndi mankhwala amene munthu akumwa kale, monga piritoni, phenobarbitone wa khunyu, kapena efavirenz wa HIV amene amadziwika ndi maloto oopsa ndi chizungulire. Zambiri mwa izi zimadziwika poyeza magazi ndi pofunsa mafunso.

Kuno kwathu pali matenda ena amene sayenera kuiwalika, ndiwo kaodzera, wofalitsidwa ndi kashembe m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza Marsh ku Rumphi, komanso chigwa cha Luangwa ku Zambia. Mayina amatha kusokoneza, popeza onse ndi matenda a tulo, koma ndi osiyana kotheratu. Kaodzera wa kuno amayamba ndi kutentha thupi, mutu, nthawi zina chilonda pamene kashembe analuma, amakula m'masabata kapena miyezi yochepa, ndipo amapha ngati munthu salandira mankhwala. Narcolepsy satenthetsa thupi ndipo munthu amakhala nawo zaka zambirimbiri. Munthu amene wayamba kuodzera posachedwa, thupi likutentha, atapita kumadera a kashembe, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Chida chimene dokotala woyamba angagwiritse ntchito popanda makina ndi mafunso a Epworth, amene Murray Johns wa ku Melbourne anawasindikiza mu 1991. Wodwala amafunsidwa za malo 8, monga powerenga, poonera kanema, atakwera galimoto kwa ola lathunthu, kapena akucheza ndi munthu, ndipo pa malo alionse amapereka nambala kuyambira 0 mpaka 3 malinga ndi mmene angaodzerere. Zonse pamodzi zikaposa 10 pa 24, tuloto tafika pofunika kufufuzidwa. Mafunsowa amangoyeza kuchuluka kwa tulo, sanena chimene chikuyambitsa.

Apa mpamene wodwala angadzithandize kwambiri. Kunena kuti “ndimatopa” kumatsogolera dokotala ku magazi ndi malungo, pamene kunena kuti “ndimagona ndisakufuna, ndipo ndikaseka miyendo imafooka koma ndimamva zonse” kumamutsogolera ku ubongo. Ndi bwino kulemba m'kope kwa masabata awiri nthawi yogona, yodzuka ndi yoodzera masana, kupita ndi wachibale amene anaonapo kugwako, ndipo ngati pali foni yojambula, kujambula kanema wa kugwa kumodzi. Zonse zimene zayezedwa zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, kuti amene adzalandire kalata yotumizira wodwala kuchipatala cha boma kapena chachikulu asayambirenso pachiyambi.

Dokotala wa ubongo ndi mitsempha

Popeza chowonongeka chili muubongo, katswiri amene matendawa ndi akedi ndi neurologist, dokotala wa ubongo ndi mitsempha, yemweyo amene amaona odwala khunyu, sitiroko ndi mutu waching'alang'ala. Ntchito yake yoyamba ndi kusiyanitsa cataplexy ndi kugwa kwa mitundu ina. Wakhunyu akagwa kawirikawiri amakomoka, thupi limauma kenaka n'kuphiriphitha, amatha kudziluma lilime kapena kudzikodzera, ndipo akatsitsimuka amakhala wosokonezeka, osakumbukira chimene chachitika. Wokomoka chifukwa cha mtima kapena kutsika kwa magazi amayamba waona mdima. Wa cataplexy thupi lake limakhala lolobodoka, sakomoka, amakumbukira zonse, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala chimene chamuseketsa kapena kumudzidzimutsa. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala a khunyu opezeka kwambiri m'zipatala zathu, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, amawonjezera tulo, ndipo munthu wopatsidwa mankhwalawa molakwika amaipiraipira, achibale n'kumaganiza kuti matenda akukula.

Dokotalayu amafufuzanso ngati tuloto tikuchokera ku vuto lina la muubongo, monga chotupa, kuvulala mutu kapena matenda amene anagwira ubongo kale, ndipo akakayikira amajambulitsa ubongo. Mwa odwala narcolepsy ambiri chithunzicho chimatuluka chabwinobwino, chifukwa maselo amene afa ndi ochepa kwambiri moti makina sawaona. Chithunzi choyera sichitanthauza kuti munthu sakudwala.

Madokotala a ubongo ndi ochepa kwambiri m'chigawo chathu chino. Zambia inayamba kuphunzitsa ake ku University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018. Ku Malawi wodwala wotumizidwa ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu kawirikawiri amayamba kuonedwa ndi dokotala wa matenda a akuluakulu kapena wa ana, ndipo ameneyu akadziwa bwino zizindikiro angathe kugwira mbali yaikulu ya ntchitoyi.

Katswiri wa tulo ndi mayeso ake

Ukatswiri wa matenda a tulo ndi nthambi yatsopano. Chimodzi mwa zipatala zoyambirira za tulo chinatsegulidwa ndi William Dement ku Stanford mu 1970, ndipo ku America katswiri wa tulo amakhala dokotala amene anamaliza kale ukatswiri wina, wa ubongo, wa mapapo, wa maganizo, wa ana kapena wa makutu, mphuno ndi mmero, n'kuwonjezera chaka chimodzi cha maphunziro a tulo. Zimenezi zili ndi tanthauzo kwa wodwala. Chipatala cha tulo choyendetsedwa ndi dokotala wa mapapo chimazolowera kwambiri anthu obanika kutulo, ndipo si chilichonse chimene chimachita mayeso a masana ofunika pa narcolepsy. N'koyenera kufunsiratu musanalipire kapena kuyenda ulendo wautali ngati malowo amachita mayeso a masanawo, otchedwa MSLT, ndiponso ngati dokotala wake amasamalira odwala narcolepsy.

Mayeso ali pawiri. Oyamba, otchedwa polysomnography, ndi a usiku wonse. Wodwala amafika madzulo, wogwira ntchito amamata timawaya pamutu, pambali pa maso, pachibwano ndi pamiyendo, amamumanga malamba awiri pachifuwa ndi pamimba, kachubu pamphuno ndi kachipangizo pachala koyezera mpweya wa m'magazi, kenaka amazimitsa nyali, iye n'kumaonerera mizere pa kompyuta m'chipinda china. Cholinga n'kuona ngati munthuyo wagona maola osachepera 6 ndiponso ngati palibe china chomusokoneza. Chimene chimapezeka kawirikawiri ndi kubanika kutulo, pamene mmero umatsekeka mobwerezabwereza mwa munthu woliza mkonono, makamaka wonenepa. Amenewo ndi matenda ofala kwambiri kuposa narcolepsy, ndipo amathandizidwa ndi dokotala wa mapapo pogwiritsa ntchito makina opopera mpweya otchedwa CPAP, kapena ndi dokotala wa mmero ngati ndi mwana wa zotupa za kukhosi. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi matenda onse awiri, ndipo ngati tulo ta masana sitikutha mkonono utathetsedwa, kufufuza kuyenera kupitirira.

M'mawa mwake mumabwera MSLT, mayeso amene Mary Carskadon ndi Dement anawakhazikitsa m'zaka za m'ma 1970. Wodwala amapatsidwa mpata wogona kasanu, motalikirana maola awiri, m'chipinda cha mdima, ndipo mpata uliwonse ndi wa mphindi 20. Mfundo yake ndi yofanana ndi kuyeza njala ya munthu poona liwiro limene akudyera: amene ali ndi njala ya tulo amagona msanga. Munthu wopuma bwino amatenga mphindi 10 mpaka 20 kapena osagona n'komwe. Ngati wodwala akugona m'mphindi 8 kapena kucheperapo, powerengera mipata yonse, ndipo kawiri kapena kuposa akulowa mu REM mphindi 15 zisanathe, zotsatirazo zimaloza ku narcolepsy. Mayesowa amasokonekera mosavuta. Wogwira ntchito usiku kapena wosagona mokwanira angaoneke ngati wodwala, pamene womwa mankhwala a matenda okhumudwa, amene amapondereza REM, angaoneke ngati wathanzi, ndiye chifukwa chake dokotala amakonza zoti mankhwala otero asiyidwe pang'onopang'ono pafupifupi masabata awiri mayeso asanachitike. Wodwala asawasiye yekha.

Pali mayeso ena awiri. Kuchotsa madzi a pamsana, monga mmene amachitira poyeza matenda oumitsa khosi, kumalola kuyeza orexin mwachindunji, ndipo akapezeka pa 110 pg/mL kapena kutsika, mtundu woyamba watsimikizika. Koma malabotale oyeza zimenezi ndi owerengeka pa dziko lonse. Kuyeza magazi kofufuza chizindikiro cha chibadwa chotchedwa HLA-DQB1*06:02 kumathandiza pang'ono chabe. Chizindikirochi chili ngati chiwongo: pafupifupi odwala onse a mtundu woyamba ali nacho, koma anthu ochuluka kwambiri athanzi alinso nacho, monga mmene kudziwa kuti wofunidwa ndi Phiri sikukuuzani kuti ndi Phiri uti. Chimathandiza kwambiri chikasowa, pakuti pamenepo mtundu woyamba umakhala wokayikitsa.

Kwa abale athu amene ali kunja, ku South Africa malo oyezera tulo amapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town. Ku Britain munthu amayambira kwa GP wake, dokotala wa matenda osiyanasiyana wa m'dera lake, amene amamutumiza ku chipatala cha tulo kapena kwa dokotala wa ubongo, ndipo woyendetsa galimoto akapezeka ndi matendawa amalamulidwa kudziwitsa DVLA, ofesi yoona ziphaso zoyendetsera galimoto.

Dokotala wa maganizo

Munthu amene akunena kuti usiku amaona anthu m'chipinda ndipo chinthu chimamukhalira pachifuwa, banja lake limaganiza za ufiti kapena mizimu, ndipo achipatala ena amaganiza za misala. Mabanja ambiri amayamba apita kumapemphero kapena kwa asing'anga, ndipo zimenezo n'zomveka kwa aliyense amene anamvapo mantha a wodwala akufotokoza usiku wotere. Chofunika n'chakuti kuchipatala nako apiteko. Dokotala wa maganizo amasiyanitsa pofunsa nthawi imene zinthuzo zimaoneka. Mu narcolepsy zimabwera pogona ndi podzuka, zimakhala zooneka ndi maso kapena zomveka pathupi, ndipo masana munthuyo amaganiza bwinobwino. M'matenda a schizophrenia mawu amamveka munthu ali maso masana, ndipo kaganizidwe konse kamasokonekera. Kulakwitsa apa kumapweteka, chifukwa mankhwala ngati chlorpromazine amamuunjikira wodwala tulo pamwamba pa tulo.

Dokotala wa maganizo ndi mlangizi wa zamaganizo amafunikanso pa chifukwa china. Matenda okhumudwa ndi nkhawa n'zofala pakati pa odwala narcolepsy, ndipo sizodabwitsa kwa munthu amene wakhala zaka akutchedwa waulesi kusukulu, kuntchito ndi m'banja. Ena amafika podziletsa kuseka ndi kupewa maukwati ndi macheza poopa kugwa pagulu. Mwa zonse zimene matendawa amalanda munthu, ichi ndi chimene ine ndimachiona chowawa kwambiri, ndipo mapiritsi okha sachibweza.

Ana, amayi oyembekezera ndi opita ku opaleshoni

Mwa ana matendawa amaoneka mosiyana. M'malo moodzera, mwana amatha kukhala wosakhazikika ndi wokwiyakwiya, cataplexy imaoneka pankhope, kukamwa kuli yasa, lilime kutuluka, zikope kugwa, ndipo ambiri amanenepa mofulumira matenda akangoyamba, ena n'kutha msinkhu nthawi isanakwane. Ameneyu amafunika dokotala wa ana, ndipo kunenepa ndi kukula msanga zingafune katswiri wa mahomoni. Kalata ya dokotala yopita kwa aphunzitsi, yopempha kuti mwana aziloledwa kugona mphindi 20 pa nthawi yopuma, imasintha zambiri.

Mayi amene akumwa modafinil ayenera kudziwa kuti mankhwalawa amafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo ka pamkono, ngakhale kuti jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu sizikhudzidwa, ndiponso kuti sayenera kumwedwa pa nthawi ya pakati chifukwa angavulaze mwana. Amene akufuna kutenga pakati akambirane ndi dokotala wa amayi pamodzi ndi amene amamupatsa mankhwala zinthu zisanachitike. Wopita ku opaleshoni auze dokotala wogonetsa odwala za matenda ake ndi mankhwala onse amene amamwa.

Amene amagwira chingwe chonse

Mankhwala ochiritsiratu palibe, koma ochepetsa zizindikiro alipo. Amphetamine anayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa mu 1935. Masiku ano pa tulo ta masana amapereka modafinil, methylphenidate, pitolisant kapena solriamfetol. Pa cataplexy amapereka sodium oxybate, womwedwa usiku, amene ndi wodula kwambiri, sapezeka m'mayiko ambiri ndipo n'ngoopsa akasakanizidwa ndi mowa, kapena mankhwala a matenda okhumudwa monga venlafaxine, fluoxetine ndi clomipramine. Omalizawa akasiyidwa mwadzidzidzi, cataplexy imabwerera mwamphamvu kuposa kale. Mankhwala ochotsa tulo amatha kukweza kuthamanga kwa magazi, choncho BP iziyezedwa kawirikawiri, ndipo wa vuto la mtima aonedwe ndi dokotala wa mtima asanayambe.

Madokotala onsewa sangathandize ngati aliyense akulemba zake osadziwa za mnzake. Pamafunika mmodzi, dokotala wa tulo kapena wa ubongo kumene alipo, kapena dokotala wa matenda a akuluakulu kumene kulibe, amene amasunga mbiri yonse, kusintha mlingo wa mankhwala ndi kukambirana ndi wodwala za kugona pang'ono masana pa nthawi zoikika, ndiponso za ngozi: kuyendetsa galimoto kapena njinga ya kabaza, kuphika pamoto, kugwira ntchito pachigayo, kutunga madzi pachitsime chosavundikira, kupalasa bwato yekha panyanja.

Mafunso amene sanayankhidwe

Chimene chimapha maselo a orexin sichinatsimikizike mokwanira. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimalakwitsa n'kuukira maselo ake omwe, mwina pambuyo pa matenda ena. Mu 2010 madokotala a ku Finland ndi Sweden anaona kuti ana odwala narcolepsy achuluka pambuyo pa katemera wa chimfine cha H1N1 wotchedwa Pandemrix, pamene ku China chiwerengero chinakwera pambuyo pa mliri womwewo pakati pa anthu amene ambiri sanabayitse katemera. Katemera ameneyo sagwiritsidwanso ntchito, ndipo wa chimfine wa chaka ndi chaka sanapezeke ndi vutoli, koma chifukwa chimene ana ena anadwalira pamene anzawo ochuluka a chibadwa chofanana sanadwale chikufufuzidwabe.

Mtundu wachiwiri nawo uli pa mkangano. MSLT ikabwerezedwa pa munthu yemweyo kawirikawiri imapereka zotsatira zosiyana, ndipo akatswiri ena amati mtunduwu ndi matenda a tulo tambiri otchedwa idiopathic hypersomnia ndi chinthu chimodzi, pamene ena amati ndi zosiyana, kapena kuti mwa odwala ena ndi chiyambi cha mtundu woyamba.

Mankhwala atsopano olowa m'malo mwa orexin, monga oveporexton wa kampani ya Takeda, asonyeza zotsatira zolimbikitsa pa mayeso aakulu, koma zimene angachite m'thupi atamwedwa zaka zambiri, mtengo wake, ndi nthawi imene angafike m'zipatala za mu Africa, zonsezi zikudikira mayankho.

Funso limene likutikhudza kwambiri kuno ndi la wodwala amene ali ndi cataplexy yoonekeratu koma sangakwanitse kufika kumene kuli makina oyezera tulo. Madokotala ena amati zizindikiro zomveka bwino ndi kanema wa pafoni n'zokwanira kuyamba mankhwala, popeza kudikira mayeso osafikirika ndi kumusiya munthu osathandizidwa kwa moyo wake wonse. Ena amachenjeza kuti mankhwala ochotsa tulo amatha kugwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo kumutcha munthu wa narcolepsy popanda umboni kungabise matenda ena ochiritsika ndi kumutsekera ntchito zina. Pamwamba pa izi, ziwerengero zimene zimatchulidwa zimachokera ku Ulaya, America ndi Asia, ndipo chiwerengero cha ana a m'sukulu zathu amene akulangidwa chifukwa choodzera m'kalasi pamene akudwala matendawa chikudikira kafukufuku wochitikira kuno.